Mphika Kuseri kwa Chitenje

1. Woimba Miphika

Luckness anali asanakhalepo wachiwiri pa phunziro la sayansi. Kuyambira Fomu 1, pasukulu yawo yoyendera ya kwa Mposa, dzina lake ndi limene aphunzitsi ankayamba kutchula akamabweza mapepala a mayeso. Anazolowera mpaka kumayenda ngati malowo anabadwa nawo.

Ndiye mu Fomu 3 kunabwera Esime.

Esime anali mwana wa msodzi wa ku Chiuta. Anabwera kudzakhala ndi azakhali ake pafupi ndi sukulu. Sanali wolongolola, koma akaimirira kuti afotokoze chinthu, ngakhale anyamata a kumbuyo, amene ntchito yawo inali kugenda anzawo ndi njere za masawu, ankasiya n'kumvetsera.

Poyamba awiriwa anagwirizana kwambiri. N'chifukwa chake a Chande, mphunzitsi wa sayansi, anawaika pamodzi kuti akaimire sukulu pa mpikisano wa ku Balaka. Mphoto yake inali yoti wophunzira mmodzi, amene oweruza adzaone kuti wamvetsa koposa onse, adzapita ku Zomba pa holide kukaphunzira ndi akatswiri a kuyunivesite. Malo anali amodzi okha, ndipo Luckness ankawafuna ndi mtima wake wonse.

Nkhani imene a Chande anasankha inali ya maenje akuda a mumlengalenga.

"Nyenyezi yaikulu ikafa," anatero a Chande, "imatha kudzigwera yokha n'kusanduka chinthu cholemera koopsa, chokoka chilichonse chimene chayandikira. Ngakhale kuwala sikuthawako. Ndiye amalitcha dzenje lakuda, poti lenilenilo silioneka."

"Nanga chinthu chosaoneka amachiyeza bwanji, sala?" anafunsa Esime.

"Njira imodzi ndi iyi. Maenje awiri akayandikana amayamba kuzungulirana, liwiro likukwera, mpaka amagundana n'kukhala limodzi. Kugundanako kumagwedeza mlengalenga weniweniwo, ndipo mafunde ake amayenda zaka zosawerengeka mpaka kufika kuno. Si phokoso loti khutu lingamve. Koma kunja kuli makina aatali makilomita angapo amene amawagwira, ndipo anawagwira koyamba mu 2015. Tsono dzenje latsopanolo likangobadwa limanjenjemera kanthawi kochepa, kenako zii. Lamulo la mphamvu yokoka, limene asayansi amatsatira, limati kunjenjemerako kumadalira kulemera kwa dzenjelo ndi liwiro limene likuzungulira, basi. Mafundewo mukawasandutsa mawu, dzenje lalikulu limalira motsika ndipo limachedwa kusiya. Laling'ono limalira mokwera n'kusiya msanga. Akatswiri amayeza zimenezi kuti aone ngati lamulolo likunena zoona."

"Ngati miphika ya amayi!" anatero Luckness, mpaka anaimirira. "Waukulu umati nguuu, kang'ono kamangoti ngwi!"

A Chande anaomba m'manja. Esime anawonjezera kuti miphikayo aziibisa kuseri kwa chitenje, popeza dzenje lakuda silioneka. Wina azimenya mphika kuseriko, foni ya a Chande izijambula mzere wa mawu, ndipo wina aziwerenga mzerewo n'kutchula mphika umene walira.

Anayeserera masiku ambiri, zonse zikuyenda. Kenako a Chande anagawa ntchito.

"Esime, iwe ukaima kutsogolo, ukalankhula. Luckness, dzanja lako ndi lokhazikika, umamenya mofanana nthawi zonse. Iwe ukakhala kuseri."

Luckness anangoti, "Chabwino, sala." Koma mtima unamuwawa ngati waponda moto. Nzeru ya miphika inali yake, miphika inali ya mayi ake, ndipo tsopano oweruza adzaona nkhope ya Esime, iye n'kumaoneka mapazi okha pansi pa chitenje.

Anyamata a kumbuyo aja sanachedwe. Pofika mawa lake sukulu yonse inkamutcha woimba miphika.

2. Mapasa

A Nelia, mayi ake a Luckness, anali woumba mbiya. Luso limeneli linabwera ndi makolo awo kuchokera ku Mozambique kalekale. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene ana ankawaseka nacho: sankatha kudutsa mphika wopanda kanthu osaugogoda ndi chala. Anthu pamsika amagogoda mphika asanagule kuti amve ngati uli bwino. A Nelia ankagogoda wawo, wa eni, ngakhale wa kumaliro.

Mwa miphika imene anabwereka atsikanawo, waukulu ndi umene unkalira bwino koposa. Ukaumenya, mawu ake ankafika kuseri kwa khola la mbuzi. Mphika umenewu unali ndi unzake. Yonse iwiri anaiumba tsiku limodzi, dothi limodzi, msinkhu umodzi, ndipo ankaitcha mapasa. Koma winawo unang'aluka pamoto.

A Nelia sankagulitsa mphika wong'aluka. Ankamata mng'aluwo ndi phala la gaga losakaniza ndi mwaye, n'kumasungiramo mbewu. Ukauona kunja sukanadziwa kuti uli ndi vuto.

Tsiku lina masana Esime anabwera kudzayeserera, ndipo anapeza a Nelia akuthira nandolo wa mbewu mumphika wong'alukawo. Osauzidwa, anatenga sefa n'kuyamba kuwasefera phulusa loteteza mbewuyo kwa anankafumbwe.

"Abambo nawonso amagogoda bwato asanagule," anatero Esime, "kuti amve ngati mtengo wake unawola m'kati."

"Wamva, Luckness?" a Nelia anaseka. "Mwana uyu ali ndi khutu. Akanakhala wanga ndikanamuphunzitsa dothi."

Luckness sanaseke nawo. Kusukulu Esime, kunyumbanso Esime! Mnzakeyo atatsanzika, iye anangokhala pakhonde n'kumatokosa pansi ndi kamtengo.

"Mlendo wapita osamuperekeza?" anafunsa a Nelia.

"Njira akuidziwa, amayi."

A Nelia anapukuta manja pachitenje n'kukhala pansi moyang'anizana naye.

"Ndakuona, Luckness. Masiku ano dzina la mnzakoyu likatchulidwa, nkhope yako imachita ngati walawa bwemba. Usanditsutse, ndinakubereka ndine. Imeneyo ndi nsanje, mwana wanga. Ndikuitchula dzina lake lenileni kuti usaipatse lina.

"Iweyo ukuona kuti akulakwira. Mwina n'zoona, poti za miphikazi unayambitsa ndiwe. Ngati zili choncho, pakamwa uli napo. Pita kwa aphunzitsi ako masana, anthu akuona, ukanene mwaulemu kuti, 'Sala, ine ndadandaula.' Akakumvera, chabwino. Akapanda kukumvera, sunataye kanthu. Koma izi zongokhala duu n'kumatupa m'kati ndi zimene ndikuopa.

"Ine pamsika wa ku Machinga ndakhalapo zaka zambiri. Panali amayi awiri oyandikana malo, onse oumba bwino. Wina anayamba kunong'oneza ogula kuti miphika ya mnzakeyo imadontha. Ogula anamuthawadi mnzakeyo. Koma posakhalitsa anathawa mzere wonse, ati miphika ya kwa Mposa imadontha. Tonse tinkabwerera nayo kunyumba pamutu. Ndipo ukudziwa chimene chinamupweteka koposa mayi wabodzayo? Tsiku limene mwana wake anakomoka pamsika pomwepo, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala anali mnzake yemwe uja. Mpaka lero akakumana kuchigayo, mayiyo amayang'ana pansi. Mwana anachira, koma iye sanachire.

"Munthu wansanje amaganiza kuti akachotsa mnzake pampando, mtima ukhala m'malo. Iyayi. Mpandowo ukhoza kuupeza, koma sudzakhalapo mwamtendere. Aliyense wokuyamikira adzakhala ngati akukutukwana. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Anamva ndi makutu okha. A Nelia anaimirira n'kuyang'ana kumwamba.

"Kutenthaku n'kwa mvula. Mlungu uno ndiyenera kuyanika mbewu ija padzuwa."

Izi ndiye Luckness sanazimve n'komwe.

3. Kusintha

Kutatsala tsiku limodzi, Luckness anakumana ndi a Chande pakhomo la kalasi, ali okha. Mpata wodandaula unali umenewo.

"Zonse zili bwino, Luckness?"

"Zili bwino, sala."

Masana a tsikulo a Nelia anapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Ntchito yokulunga miphika m'udzu wouma kuti isasweke panjira anaisiyira Luckness. Anakulunga kang'ono. Anakulunga wapakati. Atafika pa waukulu anaima, n'kuyang'ana kuchipinda kumene kunali phasa lake.

Maganizo ake anali achidule, monga amakhalira maganizo a nsanje. Mphika ukakalephera kulira, Esime akasowa chonena pamaso pa oweruza. Akasowa chonena, a Chande akaitana wa kuseri kwa chitenje kuti apulumutse sukulu. Za mmene iyeyo akanafotokozera mphika wosalira, sanaganizeko.

Anakokera mphika wa mbewu pakati pa chipinda. Nandolo ndi phulusa lake anazikhuthulira mumphika wabwino uja, n'kuukankhira pakona pomwepo, mbale yovundikira pamwamba. Wong'alukawo anaupukuta ndi nsanza. Ali m'kati mopukuta anamva nyimbo yotsekera msonkhano ikumveka kutchalitchi, ndipo anafulumira kuukulunga m'udzu n'kuumanga ndi luzi.

A Nelia pofika anapeza katundu yense ali pakhonde, womangidwa bwino.

"Wagwira ntchito, mwana wanga," anatero.

Luckness anatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale kuti madzi m'nyumba analimo.

4. Ulendo wa ku Balaka

Anakwera minibasi pa boma la Machinga dzuwa litangotuluka. Kondakitala ankafuna kuponya miphika kumbuyo, pamodzi ndi matumba a mpunga, koma Esime anakana.

"Iyayi, achimwene, waukuluwu ndiunyamula pamwendo. Ukasweka uwu, tonse tasweka."

Anaufungatira njira yonse ngati khanda. Minibasi ikagwa m'dzenje, iye ankaukweza m'mwamba kuti usagunde bondo. Anatulutsanso matemba okazinga amene abambo ake anatumiza kuchokera ku Chiuta, n'kupatsa Luckness akuluakulu okhaokha. Luckness anadya osamuyang'ana kumaso.

Pa Liwonde minibasi inaima nthawi yaitali kudikira anthu. A Chande anatembenuka pampando wawo.

"Tamverani, atsikana. Kumene tikupitaku mukaona ana a masukulu a magetsi, ovala mataye, onyamula zipangizo zowala. Musakachite nawo mantha. Miphika yathu si yochititsa manyazi. Koma chimene ndikufuna kukuchenjezani ndi china.

"Foni ikakaonetsa chinthu chimene simunayembekezere, musakaname. Musakanene zimene munaloweza pamtima pamene mzere ukunena zina. Akatswiri amene amamvetsera maenje akuda aja, ntchito yawo si kuombera lamulo m'manja. Iwo amasakasaka tsiku limene dzenje lidzanjenjemere mosiyana ndi mmene lamulo linanenera. Mpaka pano lamulolo silinagwe. Koma tsiku limenelo likadzafika n'kupeza munthu wabodza pamakina, adzabisa chifukwa cha manyazi, ndipo dziko lonse lidzatsalira chifukwa cha iye.

"Ine ndaphunzitsa zaka zambiri. Mwana wolephera sandidetsa nkhawa, amadzakhoza chaka china. Amene amandiopsa ndi mwana wanzeru amene wazindikira kuti bodza limafulumira. Ameneyo amakwera msanga, ndipo akamakwera amakhala akuopa funso lililonse. Kuli bwino tibwerere kwa Mposa chimanjamanja tili anthu oona, kusiyana ndi kubwerera ndi ulemu woba. Mwamva?"

"Tamva, sala," anayankha onse awiri. Luckness anayankha akuyang'ana mtsinje wa Shire pawindo.

5. Kuseri kwa Chitenje

Chifukwa cha kuchedwa pa Liwonde, anafika muholo dzina la sukulu yawo litatsala pang'ono kuitanidwa. Anamanga chitenje pakati pa mipando iwiri. Luckness anamasula miphika yekha kuseriko n'kuikhazika pa nkhata.

"Tiyese kaye kamodzi," ananong'oneza Esime.

"Ndayesa kale. Zili bwino."

Mkulu wa oweruza anali mayi wophunzitsa sayansi kuyunivesite ku Zomba, ndipo onse ankangowatchula kuti adokotala. Anali atakhala m'mawa wonse akuonera mabatire ndi mababu, moti ataona miphika anavula magalasi n'kusendera pafupi.

Esime anafotokoza za maenje akuda, za kugundana kwake, ndi za mafunde ake. Ananenanso poyera kuti mphika ndi fanizo chabe, chifukwa mumlengalenga mulibe mpweya wonyamula mawu. Holo yonse inali chete. Luckness ankamva zonsezi atanjuta kuseri, kamthiko kali m'manja, ndipo mawu alionse okoma a mnzakeyo ankamubaya.

"Menya," anatero Esime.

Ngwi!

Esime anayang'ana foni patebulo. "Mawu okwera, ndipo asiya msanga. Ndi kang'ono."

Luckness anakweza kamphikako pamwamba pa chitenje. Anthu anaomba m'manja. Wapakati nawonso Esime anautchula osaphonya.

"Menyanso wina."

Luckness anasendera pa waukulu uja. Anakweza kamthiko n'kumenya.

Pho.

Sunali kulira. Unali ngati munthu wagwetsa chikwanje pamchenga. Ana a m'mipando yakutsogolo anayamba kuseka.

"Bwereza," anatero Esime, mawu atatsika.

Pho.

"Dzenje lanu lafa!" anakuwa mnyamata wina wovala taye, ndipo holo yonse inafa ndi phwete. A Chande anagwira pamutu. Kuseri kwa chitenje mtima wa Luckness unakoma. Tisabise, unakomadi. Anakonza siketi yake, kudikira kuti aitanidwe.

Esime anayang'anitsitsa mzere wa pafoni. Thukuta linkatsika m'mbali mwa mpango wake. Kenako anakweza mutu.

"Madamu, mphika umenewu sindingathe kuutchula."

"Chifukwa?" anafunsa adokotala.

"Kutsika kwa mawu kukuti ndi waukulu. Koma waukulu umachedwa kusiya, pamene uwu wasiya msanga kuposa kang'ono komwe. Zinthu ziwirizi sizikugwirizana. Ndiye mwina lamulo lathu ndi lolakwika, kapena chimene chili kuseriko si chimene tikuganiza."

Kuseka kuja kunazilala. Adokotala anaimirira, n'kuchotsa chitenje ndi manja awo. Anapeza Luckness atanjuta, pakamwa pali yasa. Ananyamula mphikawo kupita nawo pawindo, n'kuuzungulitsa pang'onopang'ono. Pena pake anakanda ndi chikhadabo. Phala louma lija linagwa, ndipo mng'alu unaonekera kuyambira kukamwa mpaka pamimba.

Atauzondotsa patebulo kuti aone kunsi, munagwa kaphulusa ndi njere zingapo za nandolo zimene zinakanirira m'kati. Adokotala sanazilabadire. Koma Esime anaziona. Anazitola imodziimodzi, n'kuyang'ana Luckness. Luckness anathyola khosi.

Adokotala ndiye anali akuseka ndi chisangalalo.

"Ana inu, mwandikondweretsa! Tamverani nonse muholo muno. Mng'alu uwu si ngozi ya panjira. Ndi wakale, ndipo ndi womatidwa mwaluso. Wina anaika mphikawu dala, osauza mnzake, kuti aone ngati njira yawo ingagwire chinthu chachilendo. Ifenso timachita zomwezo. Akatswiri a mafunde aja ankalowetsa dala chizindikiro chabodza m'makina, anzawo osadziwa, kuti aone ngati achigwira. Mtsikanayu wayankha bwino kwambiri. Koma amene anaganiza zoyesa lamulo lawo lomwe, pamaso pa anthu, wafika pamtima penipeni pa sayansi. Aphunzitsi, ndinu?"

"Iyayi, madamu," anatero a Chande. "Inenso ndadabwa."

"Nanga ndani?"

Adokotala anayang'ana atsikana awiriwo.

"Ndi Luckness, madamu," anatero Esime. "Mphikawu ndi wa kwawo. Ine sindinadziwe chilichonse."

Panalibe bodza ngakhale limodzi m'mawu amenewa. Adokotala anatembenukira kwa Luckness, nkhope ili mwee.

"N'zoona, mwana wanga? Unachita zimenezi pofuna kuyesa lamulo lanu?"

Apa ndi pamene panali mpata wachiwiri, ndipo unali waukulu kuposa wa pakhomo la kalasi uja. Esime ankamuyang'ana. A Chande ankamuyang'ana. Kuseri kwa adokotala, pakhoma, kunali chithunzi cha nyumba za kuyunivesite, phiri la Zomba lili kumbuyo kwake.

"Inde, madamu," anatero Luckness.

Madzulo asanafike, dzina la wopita ku Zomba linalengezedwa. Linali la Luckness.

6. Njere za Nandolo

Pobwerera a Chande sanatseke pakamwa. Anauza kondakitala, anauza mayi wogulitsa tomato amene anakhala nawo pafupi, anauza ngakhale wapolisi wa pamsewu. "Mwana uyu ndi mutu! Ngakhale ine mphunzitsi wake anandibisira!"

Nthawi iliyonse akatero, Luckness ankamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana. Malo amene ankawalira anali atawapeza, koma sanathe kumwetulira ngakhale kamodzi.

Esime anakhala pawindo. Mphika wong'aluka uja anaunyamulabe pamwendo, koma tsopano minibasi ikagwa m'dzenje sankaukweza.

Atatsika, a Chande anati apite onse akabweze miphika ndi kuthokoza a Nelia. Iwo anatsogola, akuyenda ngati apambana okha. Atsikanawo anatsalira m'mbuyo. Pafupi ndi mjigo, Esime anaima n'kugwira dzanja la Luckness. Anaikamo njere zija, n'kumupinda zala.

"Mbewu ya amayi ako. Phulusa lake ndinasefa ndine."

"Esime, ine..."

"Ndinaunyamula pamwendo kuchokera ku Machinga, Luckness. Unkandiona." Anamuyang'ana m'maso. "Ukanandiuza kuti ukufuna kulankhula ndiwe, ndikanakusiyira. Wallahi, ndikulumbira, ndikanakusiyira."

"Nanga bwanji sunandiulule?"

"Anandifunsa kuti ndani, ndinayankha. Funso linalo anafunsa iwe."

Anasenza mphikawo n'kupitirira.

Dzuwa linali litapendeka pamene analowa pabwalo. A Nelia anali pamkeka, akuwola nandolo amene anayanika masana. Pambali pawo panali mphika waukulu, wopanda kanthu. Luckness atauona, anaima. Mayi ake akakhuthula mphika, chala sichilephera kugogoda.

"Mayi, lulutirani!" anatero a Chande asanakhale n'komwe. "Mwana wanu akupita ku Zomba!"

Anafotokoza zonse, za chitenje, za kuseka kwa anthu, za mng'alu, za mawu a adokotala. A Nelia anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalulutire. Anayang'ana Esime, amene maso ake anali ofiira, kenako anayang'ana dzanja lofumbata la mwana wawo.

"Zikomo, aphunzitsi. Ndifunse nawo. Mwana wangayu anabwerako kwa inu mlungu uno kudzadandaula?"

"Kudandaula? Za chiyani, mayi?"

"Sanabwere, eti?"

"Iyayi. Anati zonse zili bwino."

A Nelia anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakankhira nandolo kumbali kuti pamkeka papezeke malo.

"Pepani, aphunzitsi, khalani pansi. Dzina limene mwasiya ku Balakalo musalitumize kaye ku Zomba. Esime, mwana wanga, tula mphikawo, ukhale apa pafupi ndi ine. Iwe Luckness, ima pomwepo."

"Amayi..."

"Mphika uwu ndaupeza masana, uli ndi mbewu yanga m'mimba. Kuti unasinthidwa, aphunzitsi akudziwa kale. Chimene sakudziwa ndi chifukwa chake. Ine ndikuchidziwa, mnzakoyu akuchidziwa. Koma si ine wonena, ndipo si iye."

A Chande anakhala pansi, chimwemwe chija chitachoka pankhope. A Nelia anakokera mphika wabwinowo patsogolo pawo n'kupinda chala.

"Ndiugogoda kamodzi. Ukasiya kulira, uyambe iwe kulankhula."

Nguuu.

Unali mphika wolira nthawi yaitali kuposa yonse imene a Nelia anaumbapo. Mawu ake anadutsa pabwalo, anafika kuseri kwa khola, n'kuyamba kuchepa. Luckness anafumbata njere zija mpaka zinamulasa m'manja. Sanaonepo mphika ukusiya kulira msanga chotero.